Oyilo wa Vaneti Yanga Yobiriwira

Tasiyani kaye galimotoyo, ana inu, siithawa. Bwerani mukhale pamthunzi, dzuwa lakula. Chifikireni dzulo ndakhala ndikumvetsera nthabwala zanu. Iwe Dalitso wauza mlongo wako kuti akagule mafuta othira mu indiketa chifukwa ikuphethira mwaulesi. Iwenso Chisomo wamubwezera kuti matayala ake ali ndi mpweya wa chaka chatha, unasasa kalekale. Mwaseka mpaka kugwira nthiti, poganiza kuti zimenezi zayamba ndi inu ndi matelefoni anuwo. Ayi ndithu. Ife tinkasintha oyilo amayi anu asanabadwe, ndipo tinkakuposani, chifukwa galimoto zake tinalibe n'komwe. Agogo anu aakaziwo ayamba kale kuseka uko akuswa nsawa, adziwa kumene ndikulowera. Akayamba kundidula musawamvere. Nkhaniyi ndi yanga, amene anakhetsa thukuta ndine.

Nthawi imeneyo ndinali mnyamata, ndevu zikungoyamba kumera, ndipo ndinkagwira ntchito pachigayo ku Katete. Inu mumadziwa chigayo chamagetsi chongodina batani. Chathu chinali cha dizilo, cholizira pamanja. Miyezi yozizira chinkachita makani, ndipo ukapukusa mosasamala chitsulo cholizira chinkabwerera n'kukumenya pamkono. Taonani fupa ili, silinawongoke mpaka lero. Amayi ankabwera ndi chimanga pamutu kuchokera kutali, ena ku Mkaika, n'kukhala pamzere tsiku lonse akundikalipira kuti ndikuwabera ufa m'mphepo. Ndinkaweruka mutu uli mbuu, manja ali bii ndi oyilo. Sopo naye ankasowa masiku amenewo, ndiye manjawo ankapita choncho ngakhale kutchalitchi.

Loweruka masana tinkakumana pansi pa mkuyu wina m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Lusaka. Pamenepo m'pamene mnzanga Lakisoni ankakonzera njinga. Wachitatu wathu anali aphunzitsi aMbewe, munthu wa tayi ngakhale kutentha kwa Okutobala, amene sankaseka chisawawa. Tinkangokhala n'kumaonerera magalimoto akudutsa. Tsiku lina inadutsa lole ikufuka utsi wakuda. Lakisoni anaimirira, manja m'chiuno, nati, "Dalaivala wanga uyu nimuchotsa nchito. Ninamuuza dzulo kuti asinthe oyilo." Sanamwetulire ngakhale pang'ono. Aphunzitsi anagwedeza mutu momumvera chisoni, n'kunena kuti yawonso inagona ndi chifuwa. Zinayambira pamenepo.

Pasanathe mwezi aliyense anali ndi yake. Lakisoni anali ndi lole ya matayala khumi. Aphunzitsi anali ndi kagalimoto koyera, kamene sankalola munthu kukatsamira. Ine ndinasankha vaneti yobiriwira, ndipo ndinkaiona bwinobwino m'mutu mwanga, ngakhale pamene inakalika ndi nthambi kuchitseko chakumanzere. Lamulo lathu linali limodzi. Woseka, kapena wonena kuti zimenezi n'zabodza, ankapopa machubu onse a Lakisoni mlungu wathunthu. Pampu yake inali yotha lamba, yofuna munthu woti wadya.

Moni wathu sunali wofunsa za ana kunyumba.

"Abwana, motoka yagona bwanji?" Lakisoni ankayamba choncho.

"Yagonako, koma hutala yasasa mawu," aphunzitsi ankayankha. "Ndaithira oyilo wofunda supuni ziwiri. Mawa iyamba kuimba."

"Mwalakwa, tichala. Hutala ifuna oyilo wa m'mawa, wosaombedwa na dzuwa."

Ine ndinkawauza kuti oyilo wolowera ku Sinda ndi wina, wolowera ku Chipata ndi wina, ndipo ukasokoneza galimoto imangobwerera yokha kunyumba. Lakisoni ankati iye amasefa oyilo wakale ndi duku la akazi ake, chifukwa akatero injini imamvera ngati mwana. Aphunzitsi ankatsuka mapulagi ndi thobwa la masiku atatu. Tinkalawa oyilo wosaoneka ndi chala, n'kumakangana ngati wapsa kapena ayi. Anthu odutsa ankaima, ena kuseka, ena kupukusa mutu. Kunena zoona, ana inu, moyo unali wothina zaka zimenezo. M'masitolo munkasowa shuga, mchere, ngakhale oyilo weniweniyo, moti mwini chigayo ankamusunga ngati mankhwala. Koma pansi pa mkuyu uja tinali mabwana, ndipo tinkabwerera kunyumba mitima itapepuka.

Ndingokuuziranitu za aphunzitsi, ndingaiwale. Atapuma ntchito anaguladi galimoto yeniyeni, yoyeranso. Ndinakawaona, tonse imvi zili mbuu, ndipo ndinawapeza atagona pansi pake, oyilo akuwadonthera patayi. Anandiuza kuti ija yapamkuyu inali yabwino kuposa, chifukwa sinawasiyepo panjira.

Tsono agogo anuwa, amene panthawiyo anali Esinati chabe, anachoka kuno ku Vubwi n'kukakhala ku Katete kwa achemwali awo, kukathandiza kulera mwana. Ankabwera kudzagayitsa. Chimanga cha anthu ena ndinkagaya kamodzi, chawo ndinkabwereza kawiri, ufa n'kumatuluka wosalala ngati wa buledi. Akukana uko, koma anazindikira. Tinagwirizana za ukwati, ine n'kuuza akwathu, mawu n'kutumizidwa kwawo. Za vaneti ankazidziwa, ndipo ankandiseka nazo. Ankati tsiku limene ndidzawakweze adzakhala kutsogolo.

Inu masiku ano mumapezana patelefoni, makolo n'kumva zonse zitapsa kale. Kale sizinali choncho. Mnyamata akafunsira, mwini mbumba, ndiye kuti amalume a mtsikanayo, ankayamba afufuza. Sankabwera ndi kalata ayi. Ankafika mwakachetechete ngati munthu wapaulendo, n'kumvetsera kuti mnyamatayo amalankhula zotani akakhala ndi anzake, amamwa kapena ayi, amapatsa moni akulu kapena ayi. Ine mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino, koma tsiku limene unandifikira nzeru zinali kwina.

Loweruka lina panafika bambo wina wamfupi, wojintcha, wa chipewa chamlaza, akukankha njinga yothyoka masipoko. Anapereka moni mwaulemu n'kukhala pamuzu kudikira kuti Lakisoni aikonze. Ife tikaona mlendo tinkachita kunyanya. Aphunzitsi anandifunsa chifukwa chimene vaneti yanga sinkaonekera mumseu.

"Yaima ku Sinda, kwa msuweni wanga," ndinatero. "Yauma oyilo. Sindingaithire wamba uyu ayi, imafuna wolemera, wa m'chitini chosatsegula, wochokera kutsidya kwa malire."

Mlendo uja anasendera pafupi. "Pepani, kodi inu ndinu aPhiri a kuchigayo?"

Ndinavomera.

"Ndiye motokayo ndi yanuyanu?"

"Funsani tichala awa," anatero Lakisoni, maso ali pa sipoko. "Ndiwo anasaina mapepala."

Aphunzitsi anakonza tayi n'kunena kuti galimotoyo ndi yabwino, kungoti mwini wake amaikonda mopitirira. Bamboyo anayang'ana manja anga akudawo nthawi yaitali, anagwedeza mutu, njinga itatha n'kutsazika. Titatsala tokha tinagubuduka ndi phwete, ndipo tinagwirizana kuti tsiku limenelo palibe wopopa.

Patapita masiku, mawu anabwera kuchokera ku Vubwi akuti akuchikazi alibe chifukwa ndi ine. Esinati anaitanidwa kwawo kuti akakonzekere. Ndinadabwa kuti zayenda msanga chotero, koma ndinati ndi ufa wosalala uja.

Milungu itatu itatha, Loweruka masana, bambo wa chipewa chamlaza anatulukiranso. Miyendo yake inali yokalikakalika ndi minga, milomo itauma. Pakaliyala anamangapo kanthu kokutidwa ndi chiguduli. Anamasula pang'onopang'ono n'kuika patsogolo panga chitini chachikulu cha oyilo, chonyezimira, chosatsegula.

"APhiri," anatero, "ine ndine aMwale, amalume ake a Esinati. Tsiku lija sindinadzitchule, mundikhululukire, ndi mwambo. Oyilo wanu ndi uyu. Ndakamutenga ku Malawi, njira zam'tchire, ndasiyako mbuzi yanga yaikazi. Ndati mkamwini wathu asavutike ife tili pafupi ndi malire. Tiyeni ku Sinda mukathire, mawa tilowere kwathu, anthu akudikira."

Ana inu, ndinamva kuzizira dzuwa lili pamutu. Ndinaona ukwati wanga ukusungunuka pomwepo. Lakisoni anayesa kundipulumutsa. Anati, "Pepani mdala, motoka ija inapita ku Lusaka, ibwela mwezi wa mawa." Aphunzitsi anandinong'oneza kuti ndinene kuti ndinagulitsa. Bodzalo linali lokonzeka, longofuna kuti ndivomere ndi mutu. Koma maso anga anali pa miyendo ija. Munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga, kukwawa m'minga chifukwa cha pakamwa panga. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Amalume, galimoto ndilibe. Sindinakhalepo nayo. Ngakhale njinga ndilibe. Awa anzanganso alibe. Ndi masewera athu a Loweruka, timangocheza."

Lole inadutsa, palibe anaitchula kuti ndi yake. AMwale anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, n'kuvalanso. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Koma iwo anapitiriza kunditchula mwaulemu.

"Chabwino, aPhiri. Oyilo wabwera. Thirani."

Ndinawayang'ana.

"Ndati thirani. Motoka yanu si iyi yaima apa? Lowani pansi, ine ndione mmene mumachitira."

Linali tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti. Ndinagona chagada pafumbi, pansi pa vaneti imene kunalibe. Lakisoni, nkhope ili gwa ngati ali pamaliro, anapukusa jeke wosaoneka. Aphunzitsi anandipatsira sipanala ya mphepo. Ndinamasula, ndinadikira oyilo wakale kuti atsike, ndinamanga. Anthu anatizungulira akufa ndi kuseka, ndipo amayi ena amene ndinkawagayira anafuula kuti ndasiya nati imodzi yosamanga. AMwale okha sanaseke. Nditadzuka anafunsa ngati tsopano ili bwino. Ndinati ili bwino.

"Ndiye mundikweze mpaka kwathu. Ndinauza anthu kuti ndibwera ndi motoka ya mkamwini. Mukawafotokozere nokha, ine pakamwa panga patopa."

Anandipatsa njinga yawo. Iwo anakhala pakaliyala, chitini chili pamiyendo.

Inu dzulo mwadandaula kuti mseu wa ku Chadiza wakugwedezani, muli pamipando yofewa, nyimbo zikulira. Mukanauona nthawi imeneyo. Unali mchenga ndi miyala, ndipo chinali chilimwe, mitengo ili mbee, mthunzi wosaoneka. Njinga zakale zija zinali zachitsulo chenicheni, zolemera ngati ngolo, giya imodzi basi. AMwale anali amfupi, koma ankalemera ngati thumba la chimanga lonyowa. Tinanyamuka Lamlungu kutacha, nditapempha mwini chigayo masiku, ndipo tisanafike patali iwo anayamba.

"APhiri, injini ikugogoda. Oyilo uja munathiradi wolemera?"

"Ndinathira, amalume."

"Nanga ikupumira m'mwamba bwanji? Sinthani giya."

Tikakumana ndi anthu panjira ankandiuza kuti ndiimbe hutala. Belu linali lakufa, ndiye ndinkaimba ndi pakamwa. Tikafika pamchenga ankati matayala ali ndi mpweya wa ku Katete, sadziwa njira ya kwawo. Ndinadabwa kuti zonse zimene tinkanena pamkuyu anazisunga, ndipo ankaonjezera zawo zoposa zathu. Koma mawu awo anali ouma, osati a munthu amene akucheza. Sindinadziwe ngati ndikupita kukakwatira kapena kukakanidwa pamaso pa mudzi wonse. Mumtima ndinkangoti bola ndikamuone Esinati, ngakhale kotsiriza.

Tinagona kwa abale awo pafupi ndi Chadiza. M'mawa miyendo inali ngati ya munthu wina. Ndiye kuchokera pamenepo m'pamene pamayambira mapiri. Chitunda china chinandikanika ndithu, njinga inaima yokha. Ndinatsika. AMwale anakhala phee pakaliyala, akuyang'ana kumbali ngati akuwerenga mitengo. Mawu oti tsikani pang'ono anafika pammero, koma ndinawameza. Ndinagwira mahandulo n'kuyamba kukankha, iwo ali pomwepo ndi chitini chawo. Zitunda zotero zinalipo zingapo, ndipo chilichonse ndinachita chimodzimodzi. Pamwamba pa china anatulutsa mbatata yootcha m'thumba, anabenthula, n'kundipatsa mbali yaikulu. Anati, "Petulo."

Chitini chimenecho, ndisanaiwale, sichinalowe mu injini ina iliyonse. Chinadzoza matcheni a njinga za mudzi uno, mahinjesi a zitseko za tchalitchi, ndi mawilo a ngolo yanga yoyamba ija ndinkanyamulira thonje. Amayi anu anabadwa chikadalipo.

Dzuwa litapendeka tinafika pamphambano yolowera kumudzi. Ine ndinkayembekeza kanjira ka mapazi. Ndinaona mseu wotakata, watsopano, wolambulidwa bwino, zitsa zitazulidwa n'kuunjikidwa m'mbali. Ndinafunsa kuti kodi boma lafika kuno.

"Boma lake liti?" anatero aMwale. "Ndi anthu a m'mudzi. Milungu iwiri akhala akuzula zitsa kuti motoka yanu isaboole matayala."

Pamenepo ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowe. Mseu umene mwalowera dzulo ndi womwewo, ana inu. Galimoto yoyamba kudutsamo inali ine.

Agogo anu akuti ndinene kuti iwo anayesa kuwaletsa. N'zoona. Anauza amayi awo kuti munthuyo alibe galimoto, ndi nthabwala chabe. Koma aMwale anati mwana angadziwe chiyani, iwo anamva ndi makutu awo, anaona manja a oyilo ndi maso awo, ndipo mphunzitsi wa tayi anachitira umboni. Ndani akanatsutsa tayi masiku amenewo?

Kumapeto kwa mseuwo anthu anali atasonkhana. Amayi anali atakonzeka ndi nthungululu, akulu atakhala pamipando, ena atakwera pachulu kuti aone fumbi la galimoto. M'malo mwake anaona njinga ikubwera mwapendapenda, woyendetsa lilime lili panja. Nthungululu ina inayamba n'kufera panjira. Ndinamuona Esinati ataima pafupi ndi nkhokwe, chitenje chili kukamwa. AMwale anatsika, anaika chitini pansi, anakhala pampando n'kundilozera pabwalo ndi dzanja.

Ndinaima pakati n'kufotokoza zonse. Za mkuyu, za lole ya Lakisoni, za oyilo wa m'mawa, za mbuzi imene inapita chifukwa cha ine. Ndinati ndine wa pachigayo, chuma changa ndi manja awa basi, ndipo ndapepesa chifukwa cha zitsa. Ena anaseka. Ambiri sanaseke. Bambo wina anaonetsa matuza m'manja mwake n'kufunsa kuti awa achira ndi oyilo uti. Mayi wina anati munthu wonama asanalowe m'banja adzatani akalowa. Amayi a Esinati anali kuseri kwa nyumba, monga achitira apongozi, ndipo ndinamva akusisima. Ndinadziwa kuti zatha. Ndinayamba kuganiza za ulendo wobwerera, wapansi, ndekha.

AMwale anadikira kuti phokoso lithe, kenaka anakhosomola.

"Abale, mwamva nokha. Motoka munthuyu alibe. Pakamwa pake pali chibwana, ndipo ine wandidyetsa manyazi, mbuzi yanganso yapita. Koma ndinene zimene ndaona. Anzake anamupatsa bodza loti athawirepo, ine ndikumva, iye analikana. Wandinyamula kuchokera ku Katete, ine ndi chitini changa, ndikumunyoza njira yonse. Mapiri onse aja mukuwadziwa. Sanandiuze ngakhale kamodzi kuti nditsike." Anatembenukira kuseri kwa nyumba kuja n'kukweza mawu. "Mlongo wanga, mwana wakoyu tsiku lina adzalemera, ndi matenda kapena ndi ukalamba. Uyu sadzamutsitsa panjira. Atumize ankhoswe ake, ndipo mawa mumuonetse malo oti amange nyumba."

Nthungululu ija inafera panjira inadzuka, zina n'kutsatira. Bambo wa matuza uja anati chabwino, koma zitsa zotsala kumunda kwa apongozi azula yekha mkamwiniyo, ndipo ndinazuladi dzinja lisanafike. Ine ndinafuna kugwada kuti ndithokoze. Miyendo inakana kupinda, ndipo ndinangogwa cham'mbali pafumbi ngati thumba. Pamenepo m'pamene aMwale anaseka koyamba, kuseka kwenikweni, mpaka chipewa kugwa. Esinati anabwera ndi madzi m'chikho, akuseka, misozi ili mbwembwembwe, n'kugwada pambali panga anthu onse akuona.

Ndinatha masiku anayi ndikuyenda chotang'adza, ana inu, mudzi wonse ukundifunsa ngati injini yazizira. Pa moyo wanga wonse sindinasangalalepo ngati masiku anayi amenewo.